Kuyimbira basketball ya ana: zimene miyendo, mtima ndi m'mero zimakumana nazo

Pafupifupi aliyense amene akuyamba kuyimbira basketball amamuponya kaye ku masewero a ana asukulu, ndipo amamuuza kuti kumeneko n'kopepuka. Pa nkhani ya mikangano ndi chinyengo cha osewera, mwina n'zoona. Koma pa nkhani ya thupi, ife amene takhala tikugwira wezulo timadziwa kuti tsiku la mpikisano wa ana limafinya munthu kuposa masewero amodzi a akuluakulu mu ligi. Ndipo kutopako sikuyambira kumveka m'miyendo. Kumayamba kuonekera pa wezulo, pamene inu mukudziona ngati mudakali bwinobwino.

Chifukwa chake chili m'kaseweredwe ka anawo. Bwalo la FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, ndi lotalika mamita 28 ndipo m'lifupi ndi mamita 15. Timu ya akuluakulu ikatenga mpira imauwolotsa pakati, n'kuima, n'kuyamba kupatsirana pofunafuna mpata. Ali ndi masekondi 24 oti aponye, ndipo nthawi zambiri amadya ochuluka ndithu mwa masekondi amenewa. Pa nthawiyi woyimbira amangosuntha mapazi awiri atatu kufuna poonera, mtima n'kutsikako. Ana sachita zimenezo. Mpira umalandidwa pakati pa bwalo, wina n'kuuponya kutali mosayang'ana, wina n'kuutola, onse 10 n'kutembenuka nthawi imodzi. Pa mphindi imodzi mpira ukhoza kusintha mbali kangapo usanafike n'komwe pa ring'i. Aphunzitsi ambiri a ana amakondanso kuwauza kuti azitchinga bwalo lonse, chifukwa amadziwa kuti anzawowo sanakhwime pogwira mpira. Zonsezi zimagwera pa mawondo a woyimbira.

Kumasewero a ana nthawi zambiri mumakhala oyimbira awiri, osati atatu monga zimakhalira m'mipikisano ikuluikulu. Mmodzi amakhala kutsogolo, kunja kwa mzere wa kumapeto, ndiye lead. Wina amatsalira kumbuyo kwa osewera, ndiye trail. Mpira ukangosintha mbali, amene anali trail amasanduka lead, ndipo ayenera kukafika ku mzere wa kumapeto kwinako ana asanafike. Ndi mtunda wa mamita 20 kapena kuyandikira, ndipo mukupikisana ndi mwana wa zaka 15 amene akungofuna kukagoletsa. Ukafika uime msanga, utembenuke, maso ali kale pa wotchinga. Mpira ukalandidwanso panjira, liwiro lonse lija uliswe pomwepo n'kubwerera. Ofufuza amene anayeza oyimbira m'masewero a akuluakulu anapeza kuti amayenda ndi kuthamanga makilomita apakati pa 4 ndi 6 pa masewero amodzi. Mtunda umenewu si woopsa kwa munthu wozolowera kuyenda pansi. Chovuta ndi kuchuluka kwa kunyamuka, kuima mwadzidzidzi ndi kutembenuka. Kuima ndiko kumapweteka kwambiri, chifukwa minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndi akatumba a kumiyendo imakhala ikutanuka ili yolimba pogwira thupi lonse. N'chifukwa chake kuphwanya m'thupi kumafika pachimake pakatha tsiku limodzi kapena awiri, osati usiku womwewo.

Nthawi nayo imanyenga. Malamulo a FIBA amati zigawo 4 za mphindi 10, kupuma mphindi 2 pakati pa chigawo choyamba ndi chachiwiri komanso pakati pa chachitatu ndi chachinayi, ndi mphindi 15 pakati pa masewero. Wotchi imaima wezulo ikalira, choncho mphindi 40 zija zimatenga ola ndi theka. Koma okonza mipikisano ya ana, pofuna kuti matimu onse asewere dzuwa lisanalowe, amafupikitsa zigawo, amadula mpumulo wapakati, ndipo wotchi saimitsa. Masewero amodzi amaoneka aafupi, inde, koma mwataya timipata tonse timene mtima umapumira, ndipo masewero ena akuyamba pakangotha mphindi 5.

Mtima wanu muzitha kuuwerenga nokha. Njira yachidule yodziwira malire a kugunda kwake ndi kuchotsa zaka zanu pa 220. Si yolondola kwenikweni kwa munthu aliyense, koma imapereka poyambira. Wa zaka 40 malire ake ali cha pa 180 pa mphindi. Pamasewero othamanga mtima wa woyimbira umakhala nthawi yaitali pakati pa magawo 70 ndi 85 pa 100 a malire amenewa, kutanthauza cha pa 125 mpaka 155 kwa munthu wa zaka 40 uja, ndipo umadutsa pamenepo akathamangitsana kawiri katatu motsatizana. Simukusowa wotchi yodula. Pa time-out, kampumulo kopemphedwa ndi mphunzitsi wa timu kamene kamatenga masekondi 60, ikani zala ziwiri pamkono pafupi ndi chala chachikulu, werengani kwa masekondi 15, chulukitsani ka 4. Werenganinso time-out ikutha. Thupi lokonzeka limatsitsa kugunda moonekeratu pa mphindi imodzi imeneyo. Ngati kumasewero achitatu mtima sukutsikanso monga unkachitira m'mawa, ndiye kuti madzi achepa m'thupi, kapena kutentha kwakwera, kapena zonse ziwiri.

FIBA ili ndi mayeso ake a thupi kwa oyimbira: kuthamanga mobwerezabwereza pa mtunda wa mamita 20 motsatira kulira kwa kabelu kojambulidwa, kamene kamafulumira mphindi iliyonse. Kwa zaka zambiri muyezo wake unali maulendo 86 pa mphindi 10 kwa amuna, ndi maulendo 66 pa mphindi 8 kwa akazi. Woyimbira ana sakakamizidwa kufika pamenepo, koma mayesowa ndi abwino kudziyezera, ndipo bwalo lililonse lingagwire ntchito. Kuchokera pa mzere wa kumapeto kukafika pa mzere wa free throw (poponyera mpira popanda wotchinga) wa mbali inayo ndi mamita 22 ndi pang'ono, choncho bwererani mamita 2 kuchokera pa mzere umenewo n'kulemba ndi choko. Amene amalephera chapakati pa mayeso adziwe kuti chigawo chachinayi chidzamuvuta, ngakhale malamulo atawaloweza bwanji.

Kuthamanga mtunda wautali m'mawa uliwonse kumathandiza mtima, koma sikukonzekeretsa miyendo pa ntchito iyi. Anthu ambiri amabwera akunena kuti amathamanga makilomita 8 osaima, koma katumba n'kukoka pa chigawo chachiwiri. Thupi liphunzitseni chimene likachite pabwalo. Kutatsala masabata 6 kuti mipikisano iyambe, kawiri pa sabata chitani izi mutatenthetsa thupi: thamangani mwamphamvu masekondi 15, yendani masekondi 15, kubwereza ka 10, pumani mphindi 3, kenako bwerezaninso gulu lina. Sabata ziwiri zoyambirira musathamange ndi mphamvu zonse. Onjezerani kuyenda cham'mbali mawondo opinda pang'ono kuchokera ku mzere wina wa m'mbali kukafika kwinako, ndi kunyamuka mutayang'ana mbali ina n'kutembenuka, monga trail amachitira akasanduka lead. Tsiku lina pa sabata likhale la mtunda wofatsa, mphindi 30 kapena 40, kapena njinga.

Akatumba a kumiyendo apatseni nthawi yawoyawo. Imani ndi zala pamphepete pa sitepe, kwerani ndi miyendo yonse iwiri, tsikani pang'onopang'ono ndi mwendo umodzi mpaka chidendene chitsike kudutsa sitepe. Ka 12 mpaka 15 mwendo uliwonse, magulu 3, masiku atatu pa sabata. Zimatopetsa ndipo palibe amene amazikonda, koma msempha waukulu wa kuseri kwa chidendene ndi umene umachotsa oyimbira ambiri a zaka zopitirira 35 pabwalo. Msempha umalimba mochedwa kusiyana ndi minofu. Munthu akapuma miyezi itatu n'kubwerera mwadzidzidzi, mtima ndi ntchafu zimazolowera pa masabata ochepa, iye n'kumadziona ngati wabwerera mwakale, pamene msempha udakali m'mbuyo. Onjezeraninso kunjuta ndi kudzuka, ndi kuima ndi mwendo umodzi masekondi 30 maso otsinzina pofuna kulimbitsa akakolo.

Pa tsiku la masewero, fikani nthawi ikadalipo. Oyimbira ana ambiri amatsika minibasi, kusintha malaya kuseri kwa kalasi, n'kuponya mpira m'mwamba. Liwiro loyamba la masewero limabwera pa masekondi 10 oyambirira, minofu idakali yozizira. Mphindi 10 zimakwana: kuthamanga mofatsa m'mbali mwa bwalo, kukweza mawondo, kumenyetsa zidendene kumatako, kuyenda cham'mbali, kugwedeza mwendo kutsogolo ndi kumbuyo mutagwira mzati, kenako kunyamuka mwaliwiro katatu kapena kanayi, ulendo uliwonse mofulumirako. Kudzikoka mutaima malo amodzi kwa nthawi yaitali kusungireni pomaliza. Ndipo ngati mwakhala pansi ola lathunthu kudikira masewero ena, yambaninso. Thupi limene linatentha n'kuzizira limaumanso ngati mmene linalili m'mawa.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndimalimbana nacho kwa woyimbira watsopano aliyense: kuthamanga chafutambuyo. Munthu amafuna kuti maso asachoke pa mpira, ndiye amabwerera m'mbuyo akuyang'ana osewera. Liwiro lake limachepa, ana amamupeza, katumba amagwira ntchito yowirikiza, ndipo saona chimene chili kumbuyo kwake. Kumasewero a ana kumbuyoko kumakhala zambiri: mwana wochedwa kubwerera, mng'ono wa wosewera amene walowa m'bwalo, botolo, chikwama, mpira wina wochokera kwa amene akukonzekera. Ukagwa chagada pa simenti, chimene chimafika pansi ndi mkono kapena nkhongo. Tembenukani, thamangani choyang'ana kutsogolo, mutu wokha ndiwo uyang'ane m'bwalo kudzera paphewa. Khosi limatopa masiku oyamba koma limazolowera. Musanayambe masewero yendani kuzungulira bwalo lonse, muone mng'alu, mchenga, ngalande ndi mzati wa ring'i, muuze oonerera asunthe. Malamulo amafuna mamita 2 opanda chotchinga kuzungulira bwalo. Pamabwalo a sukulu simudzawapeza kawirikawiri, koma kumbuyo kwa mizere ya kumapeto, kumene lead amagwirira ntchito, limbikirani kuti pakhale mpata.

Kuno kwathu mabwalo a matabwa a m'nyumba ndi owerengeka. Ana ambiri amasewera panja, pa simenti kapena phula, ndipo pansi potere sipabweza kanthu, kugunda konse kumakwera m'mafupa. Zizindikiro zake zimabwera mwakachetechete. Kupweteka kunsi kwa chidendene pa mapazi oyamba mukadzuka m'mawa, kumene kumachepa mukayendayenda, ndi chizindikiro chakuti msempha wa kuphazi wayamba kutupa. Kupweteka m'mbali mwa fupa la msongolo kumene kumafalikira malo aatali kumasonyeza kuti mwachulutsa ntchito mofulumira. Koma kukakhala pa kamalo kamodzi koti mungaloze ndi chala, ndipo kukupweteka ngakhale poyenda wamba, pitani kuchipatala, fupa likhoza kukhala ndi mng'alu. Bondo lopweteka kutsogolo potsika masitepe kapena mutakhalitsa pa mpando nthawi zambiri limafuna kulimbitsa ntchafu ndi matako, osati kulimanga bandeji kokha.

Nsapato ndiye chida chenicheni cha woyimbira, kuposa yunifolomu. Pa kaunjika musakopeke ndi kukongola kwa pamwamba. Itembenuzeni, muone ngati mizere ya pansi idakalipo, chifukwa simenti ya fumbi imaterera. Dinikizani chala pa mphira wapakati: ngati wauma, kapena wachita makwinya ambiri m'mbali, nsapatoyo inatha kale ngakhale ikuwala. Ipindeni, iyenera kupindika pa zala, osati pakati pa phazi. Ipotozeni, isamapotoke mosavuta. Nsapato yothamangira mumsewu yokhala ndi chidendene chachitali chofewa imagwetsa kakolo potembenuka cham'mbali. Siyani mpata wa chala chimodzi kutsogolo, popeza phazi limatupa masana, ndipo poima mwadzidzidzi zala zimagunda kutsogolo mpaka zikhadabo kuda. Tengani masokosi awiri kapena atatu. Sokosi yonyowa ndiyo imabweretsa matuza, ndipo woyimbira wa thuza amayamba kupondera m'mbali, mawa lake n'kudabwa kuti bondo lavulala liti.

Tsopano dzuwa. Mu October ndi November simenti ya bwalo imatentha kwambiri kuposa mpweya, ndipo kumadera a kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire, kumene kutentha kumafika madigiri 40, masewero a masana ndi nkhani ya moyo. Osewera amasinthana, amakakhala pa benchi pamthunzi. Woyimbira sasinthidwa. Munthu wothamanga padzuwa amatha kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, ena kuposa. Njira yodziwira zanu ndi sikelo: dziyezeni musanayambe ndiponso mutamaliza, mutavula malaya onyowa. Kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi. Mukataya kupitirira magawo 2 pa 100 a kulemera kwanu, ndiye kuti pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka kwa munthu wa makilogalamu 70, madzi a m'magazi amachepa, mtima umagunda kwambiri pa ntchito yomweyo, ndipo chidwi chimayamba kubalalika.

Kumwa kumayamba dzulo lake. M'mawa mkodzo ukhale wotuwa, osati wachikasu chakuda. Kutatsala maola 3 kapena 4 imwani theka la lita. Pamasewero imwani pang'onopang'ono pa mpata uliwonse, kapu imodzi kumapeto kwa chigawo ndi makumwa angapo pa time-out. Botolo lanu liikeni pa tebulo la olemba zigoli, chifukwa likakhala m'chikwama kutali simudzalitsata. Mukamaliza bwezerani lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse yotayika, pang'onopang'ono madzulo onse. Ngati masewero ndi ambiri, madzi okha sakwanira. Thukuta limatuluka ndi mchere, ndipo amene malaya awo amachita mizere yoyera akauma amataya wochuluka. Paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo imathandiza. Ikasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mulu ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Musapitirirenso mbali inayo: kudzikhuthulira malita ambirimbiri a madzi opanda mchere kumachepetsa mchere wa m'magazi, ndipo munthu amamva mutu, nseru ndi kusokonezeka, zimene ena amaziyesa ludzu n'kumuwonjezera madzi.

Chinthu china chimene chafala pakati pathu ndipo ndimadana nacho ndi kumwa Brufen kapena Diclofenac m'mawa kuti bondo lisavute. Mankhwalawa, pa thupi lochepa madzi ndiponso lotentha, amapanikiza impso ndi m'mimba, komanso amabisa ululu umene ukanakuuzani kuti imani. Zakumwa zopatsa mphamvu zija za m'zitini nazo zimathamangitsa mtima umene ukuthamanga kale. Mowa wa usiku wa Lachisanu umaonekera pa chigawo chachiwiri Loweruka. Ndipo amene wangochira malungo, kutsegula m'mimba kapena chimfine cha kutentha thupi asagwire wezulo sabata imeneyo, ngakhale okonza mpikisano achonderere.

Chakudya n'chosavuta. Nsima yambiri ndi nyama ya mafuta kutatsala ola limodzi idzakulemerani, chifukwa magazi amakhala akulimbirana pakati pa mimba ndi miyendo. Idyani chakudya chenicheni maola 3 musanayambe: phala, mbatata, mpunga, buledi ndi dzira. Pakati pa masewero idyani tating'ono tosavuta kugaya, monga nthochi, kachidutswa ka mbatata yophika kapena kapu ya thobwa. Amene amakhala ndi njala tsiku lonse podikira chakudya cha okonza mpikisano amayamba kunjenjemera manja cha m'ma 2 koloko, mtima kupsa msanga, ndipo technical foul, chilango cha khalidwe loipa, imatuluka pa mawu amene m'mawa akanangowanyalanyaza.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Woyimbira wotopa sagwa pansi. Amayamba kuba mapazi. Trail amatsalira pafupi ndi mzere wapakati m'malo motsikira kufupi ndi osewera, chifukwa thupi likuwerengera ulendo wobwerera. Lead amafika mochedwa, ndiye pamene mwana akudumphira ku ring'i iye akuthamangabe, mutu ukugwedera, akuonera kumsana kwa osewera. Kuti uone ngati dzanja lagunda mpira kapena mkono, uyenera kukhala utaima, ukuona mpata wa pakati pa osewera awiriwo. Ukakhala pamzere umodzi ndi iwo, thupi la wina limaphimba zonse, ndipo umayamba kuyimba mongoganizira, potengera phokoso kapena kukuwa kwa makolo. Lamulo loti wa timu yokhala ndi mpira asakhale m'bokosi la pansi pa ring'i kupitirira masekondi 3 limaiwalika, masekondi 8 owolotsera mpira sawerengedwanso. Ena akatopa amayimba chilichonse kuti apeze mpumulo, ena amasiya kuyimba kuti masewero athe msanga. Njira yachiwiriyi ndi yoopsa kwa ana, chifukwa iwo akaona kuti kukankha kukuloledwa sadziwa polekezera, ndipo mwana amakankhidwa ali m'mwamba n'kugwera pa simenti.

Ana aang'ono, a mini-basketball amene ring'i yawo imatsitsidwa kufika mamita 2.60 kuchoka pa 3.05, amabweretsa vuto lina. Ndi afupi, ndipo zonse zimachitikira m'munsi mwa chifuwa chanu. Amaunjikana pa mpira onse, manja 8 pamalo amodzi. Kuti muone muyenera kupinda mawondo ndi kusuntha kawirikawiri, ndipo amene amawerama ndi msana m'malo mwa mawondo amabwerera kunyumba chiuno chikuwawa. Amakuthamangiraninso m'miyendo mosayembekezereka. Munthu wa makilogalamu 80 akagwera mwana wa zaka 9 ndi ngozi yaikulu, choncho khalani kunja kwa mizere momwe mungathere, ndipo musadule pakati pa bwalo mpira ukuyenda.

Wezulo nayo ili ndi mtengo wake pa thupi. Fox 40, imene anaipanga Ron Foxcroft, woyimbira basketball wa ku Canada, ilibe kanjere m'kati ndipo imalira mpaka madesibelo 115. N'chifukwa chake imamveka pakati pa phokoso, koma ili pafupi kwambiri ndi makutu anu, ndipo ana amalakwa kambirimbiri. Makutu akamalira usiku mutachoka kubwalo, dziwani kuti alandira zochuluka. Imbani kamodzi, mwachidule, mwamphamvu, mpweya uchokere m'mimba. Musaimbire pafupi ndi khutu la mwana. Musailume ndi mano a kutsogolo pothamanga, igwireni ndi milomo, kapena pezani yokhala ndi mphira polumira, chifukwa chigongono cha wosewera chikaipeza dzino limathyoka. Musabwerekane wezulo, ndipo muziitsuka ndi madzi otentha ndi sopo. Mawu nawonso amatha. Ndi ana timalankhula kwambiri, kuwachenjeza kuti achotse manja, kuwafotokozera cholakwa. Lavulani wezulo, yandikirani, lankhulani ndi mawu wamba. Kukuwa kuchokera mbali ina ya bwalo pa fumbi tsiku lonse kumasasa mawu masiku atatu. Mapewa amatopanso, popeza wezulo iliyonse imapita ndi mkono m'mwamba, chikhatho chotambasula pa kuphwanya lamulo wamba, chibakera pa foul. Mkono ukayamba kukwera theka lokha, a pa tebulo amasokonezeka, ndipo aphunzitsi amaona kuti mwafooka n'kuyamba kukukanikizani.

Nanga masewero angati pa tsiku? Zimatengera msinkhu wa ana, kutalika kwa zigawo, dzuwa ndi thupi lanu, koma malangizo anga ndi akuti musapitirire awiri motsatizana popanda kupuma masewero amodzi athunthu, ndipo masewero a anyamata a zaka 16 mpaka 18 muwawerenge ngati a akuluakulu. Kambiranani zimenezi ndi okonza mpikisano ndandanda isanatuluke, osati masana mutatopa. Vuto lodziwika ndi lakuti mafainali amabwera madzulo, ndipo amapatsidwa kwa oyimbira odalirika, amene ndi omwewo akhala akuthamanga kuyambira 8 koloko. Amene adzayimbe fainali apumitsidwe masewero a patsogolo pake. Pemphaninso kuti masana otentha pakhale mpumulo wa madzi pakati pa chigawo, matimu onse auzidwe asanayambe. Pa mpumulo wanu pitani pamthunzi, vulani nsapato, sinthani malaya, ikani nsalu yonyowa pakhosi, kwezani miyendo. Musapite kukathandiza pa tebulo padzuwa. Ngati mnzanu sanabwere ndipo mukuyimba nokha, musayese kufika ku mizere yonse ya kumapeto. Yendani m'mbali imodzi, pakati pa mizere iwiri ya free throw, ndipo auzeni aphunzitsi onse awiri kuti pali zina zimene simudzaziona.

Minofu ikakokana, imani, tambasulani mwendo, kokerani zala kwa inu mpaka itamasuka, kenako imwani za mchere zija. Ikabwereranso kachiwiri, tsiku lanu latha. Mukamva ngati wina wakugendani ndi mwala kuseri kwa mwendo, n'kutembenuka osaona munthu, katumba wang'ambika kapena msempha waduka. Musayese kuthamangirapo kuti ziphwe. Khalani pansi, ikanipo madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, mangani mosathinitsa, kwezani mwendo. Osatikita, osathowa ndi madzi otentha masiku awiri oyamba, chifukwa zimawonjezera kutupa. Ngati simungathe kuima ndi zala pa mwendo umenewo, kapena kakolo wobinya sakulola kuponda mapazi 4, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Muziyang'anirana awirinu, chifukwa munthu amene kutentha kwamulowa sadzizindikira. Mnzanu akayamba kuloza mbali yolakwika mobwereza, kuiwala nambala ya wosewera ali pa tebulo, kudzandira, kapena kuyankha zosagwirizana, imitsani masewero. Mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi ozizira thupi lonse, makamaka pakhosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, wina azimukupiza, ndipo galimoto ifunidwe nthawi yomweyo. Kuziziritsa kuyambe pomwepo, kusadikire kuchipatala. Akhoza kukhala akutulukabe thukuta, zimenezo zisakupusitseni. Ngati sakudziwa bwino zimene zikuchitika, musamumwetse kanthu, angatsamwe. Kupweteka kapena kuthina pachifuwa, ululu wotsikira ku mkono kapena kukwera ku nsagwada, befu wosagwirizana ndi liwiro limene mwathamanga, mtima wodumphadumpha, kapena kuchita mdima m'maso, zonsezi ndi zoperekera wezulo kwa wina pomwepo n'kupita kuchipatala. Amene wadutsa zaka 40, kapena ali ndi BP, shuga, kapena kwawo kuli matenda a mtima, akayezetse nyengo ya mipikisano isanayambe, ndipo amuuze dokotala momveka kuti ntchito yake ndi yothamanga mwaliwiro padzuwa kwa maola angapo.